Chipewa cha a Chavula

Loweruka lapitali tinali kumanda kukavundukula chiliza cha a Chavula, patatha chaka chimwalirireni, ndipo tsiku limodzi lokhalo ndinamva mabodza oposa a chaka cha kampeni. Abusa anati malemuwa anali munthu wofatsa. Mng'ono wawo anati chibadwire sanakanganepo ndi munthu. Wapampando wa bungwe lathu la oweta ng'ombe, yemwe uja anasaina kalata yowachotsa ntchito, anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso mouma, akuti bungwe linataya mzati. Ine anandipatsa mphindi ziwiri. Ndili pakati pa malonje, kwaya inayambapo nyimbo. N'chifukwa chake ndagula kope ili. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye amene apeze zolakwa m'kalembedwe kanga azisunge bwino, adzaziwerenge pa chiliza changa.

A Chavula sanali ofatsa ayi. Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ine mesenjala iwo mwini kompyuta, mu ofesi ya zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo pa boma pano pa Mzimba, ndipo munthu wouma mutu chonchija sindinamuonepo, ngakhale kwathu kumalire a Kasungu kumene ouma mutu timalima ngati fodya. Ntchito inawathera chifukwa cha mzere umodzi wa malemba wokhala ndi kachithunzi ka chipewa kutsogolo kwake. Akanangolola kuti cholakwa chawo chibisike, bwenzi atakalambira pampando wawo. Njira inalipo, khomo linali lotsegula, ine ndinachita kugwada. Anakana. Mpaka lero ndikakumbukira, tiyi amandiwawa m'kamwa.

Ndiyambe ndalongosola ntchitoyo, poti enanu mukuganiza kuti ng'ombe ndi kompyuta siziyendera limodzi. Bungwe lili ndi pulogalamu yotumiza mauthenga pafoni kwa oweta: tsiku lopopera nkhupakupa, dzina la mankhwala, muyeso wake, tsiku la katemera. Anailemba ndi a Chavula. Pulogalamu si khasu loti ukasula wasula, imafuna kusinthidwa sabata ndi sabata, ndiye ili ndi kaundula wake m'kompyutamo. Munthu akasintha kanthu, amatseka ntchitoyo ndi mzere umodzi wonena chimene wachita, kompyuta n'kuikapo dzina lake ndi tsiku. Eni ntchito amati kukomita. Mizereyo imasanjikana, wakale pansi watsopano pamwamba, moti zinthu zikavuta umatsika nayo mpaka kupeza tsiku limene zinayamba kupotoka ndi dzanja limene linapotoza.

Mizereyo ankalemba m'Chingerezi, monga anaphunzirira m'mabuku. Koma kutsogolo kwa mzere uliwonse ankaikapo kachithunzi, timene ana amatumizirana pafoni tija, amati imoji. Ng'ombe ndiye kuti uthenga wopita kwa oweta wasintha. Khasu ndiye kuti azula zakale. Ambulera ndi zokhudza nyengo ya mvula. Mwezi ukatha ankasindikiza mizere yonse papepala, ine n'kukhoma limodzi pabolodi la pakhonde, lina n'kuthamanga nalo pa njinga yamoto ku Manyamula, lina cha ku Embangweni. Ankati pulogalamuyi ndi khola la oweta, ndipo mwini khola ayenera kudziwa amene walowamo ndi chimene wagwira. Oweta ambiri Chingerezi chinawapita pambali ngati ine, koma ng'ombe ndani saidziwa? Munthu ankaima pabolodi, kuwerenga ng'ombe zitatu, n'kulowa mu ofesi ndi mafunso atatu. Ndipo mdala ankayankha onse atatu, mokalipa, koma ankayankha.

Kompyutayo ankailera ngati mwana wopeza. Ikachita bwino ankaiyamikira m'Chingerezi, ikavuta ankaizazira m'Chitumbuka. Chitumbuka changa chochuluka ndinaphunzirira pamenepo, n'chifukwa chake sindichilankhula pamaso pa azimayi. Ankalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, lilime litasuzumira panja. Mtedza anauletsa mu ofesi, ati makoko amalowa m'mabatani. Ine ndinkadya tsiku ndi tsiku nditaima pakhomo, phazi limodzi kunja, kuti lamulo lindigwire theka. Ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti tsiku limene Mulungu ankagawa manyazi, anthu a ku Kasungu anali kokagulitsa fodya.

Nzeru ya tizithunzi sanaitole pafoni. Asanapume pa ntchito yawo yoyamba anali kalaliki ku Chikangawa, m'nkhalango ya paini. Kumeneko, ankatero, mapepala ankagona mu ofesi koma mtengo unkadulidwa ndi munthu wosadziwa ngakhale A. Ndiye ankayenda ndi chitini cha penti: mtanda pa mtengo wodula, mkombero pa wosiya, ndipo m'munsi mwake kachizindikiro ka amene wapaka, kuti ukagwa mtengo wolakwika pasakhale kulozerana zala. Kompyuta anaiphunzira atapuma kale, tsitsi litayera, pa laputopu yotopa imene mwana wawo wamkazi anaisiya, ndi mabuku awiri onenepa ngati njerwa. Akuti atafika patsamba lonena za kaundula wa mizere uja anaseka okha, ati azungu atulukira penti.

Mwa tizithunzi tonse, kolemera kanali ka chipewa. Kuno munthu akalakwira mnzake amavula chipewa asanatsegule pakamwa. Ndiye a Chavula akapeza kuti chimene akukonzacho anachiwononga ndi iwo eni, ankaika chipewa kutsogolo kwa mzerewo. Mwezi wina zipewa zinkakhala ziwiri, wina zisanu. Oweta ankaseka pabolodi, ati mdala watsegula sitolo ya zipewa. Iwo sankaseka. Ankakonda kunena kuti cholakwa chopanda mwini chili ngati ng'ombe yosokera, chimadya m'munda mwa aliyense ndipo palibe wochibweza. Mawu okoma, eya. Koma musaganize kuti kuvula chipewa papepala kunawasandutsa odzichepetsa pamaso. Wina akangowapezera cholakwa iwo asanachipeze, ankatupa masiku atatu osayankha moni. Kulakwa ankavomera. Kuuzidwa ndiye ayi.

Chinanso chopsetsa mtima, matanthauzo a tizithunzito sanawalembe paliponse. Anali m'mutu mwawo ndi m'mutu mwanga, mwangamo theka lokha. Panali kansomba kamene kankatulukira kamodzi pa miyezi ingapo. Ndinafunsa kangati? Ankangoti ndidzadziwa ndikadzakula. Lero ndili ndi zidzukulu zokwatiwa, iwo ali pansi pa simenti, kansomba sindikukadziwabe. Ine ndimakhulupirira kuti ankakaika tsiku limene kunyumba aphika usipa, ndipo palibe angatsutse.

Kutatsala zaka ziwiri kuti achotsedwe, bungwe linakula. Kunapezeka anthu akunja ofuna kuthandiza kulemba pulogalamuyo ali kwawo komweko, ndipo akuluakulu a bungwe analemba ntchito mayi Kalinde a ku Lilongwe kuti azigwira limodzi ndi mdala. Mayi ophunzira, osachulutsa mawu, zala zonse khumi pamabatani ngati mvula padenga la malata. Sabata yoyamba anamata pakhoma pepala la tizithunzi timene akuti olemba mapulogalamu m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito mofanana. Tinyenyezi ndi chinthu chatsopano. Moto ndi zochotsedwa. Ambulansi ndi zokonzedwa mothamanga. Ndipo cholakwa chikakonzedwa, amaika kachirombo kobiriwira kofanana ndi matondo, mbozi zodya za kwathu zija. Ine nditakaona ndinameza mate.

A Chavula anavala magalasi, anawerenga pepalalo kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kufunsa kuti chipewa chili pati. Mayi anati chipewa palibe. Cholakwa cha m'pulogalamu amangochitcha kachirombo, ndipo chofunika n'kuchikonza, osati kusaka mfiti. Mdala anati ndiye kuti m'mayiko onsewo mulibe munthu wolakwa, zonse zimachita ndi mbozi. Mayi anati dzina la wolemba limakhalapo kale pamzere uliwonse. Mdala anati dzinalo limanena amene wakonza, silinena amene anawononga. Mayi anati akunja aja akatsegula kaundula amangoona makasu, maambulera ndi nsomba, amayesa alowa mumsika. Mdala anati akunjawo ali ndi ng'ombe zingati ku Manyamula.

Anakangana chonchi miyezi ndi miyezi, ndipo ine ndinkakhala mbali ya amene wandigulira mandasi tsiku limenelo. Koma lero, poti mandasi anatha, ndinene zoona: mayi aja anali ndi mfundo ziwiri zimene mdala sanathe kuzigwetsa. Yoyamba, anawapempha kuti angolemba matanthauzo a tizithunzi tawo papepala, poti munthu sakhala muyaya. Anayankha kuti chaka chino alibe malingaliro omwalira. Yachiwiri, anapempha kuti aliyense akasintha uthenga wopita kwa oweta, mnzake aziyamba waona usanatumizidwe, mayi aone za mdala, mdala aone za mayi. Za mayi ankaziona ndithu, ndi chimwemwe, cholembera chofiira chili m'manja. Koma zawo ankatumiza mwakachetechete mayi akapita kokadya. Ankati ku Chikangawa palibe amene ankayenda kumbuyo kwawo ndi bulashi yachiwiri.

Kaundula anasanduka nkhanga, mawangamawanga: apa kachirombo ka mayi, apa chipewa cha mdala. Oweta akandifunsa pabolodi kuti timbozi iti n'ta chiyani, ndinkawauza kuti ndi ndiwo za amayi a ku Lilongwe. Mayi atamva sanandigulire mandasi sabata yathunthu.

Tsopano ndifike pa Okutobala uja, dzuwa loswa mtengo. Kunabwera mankhwala atsopano opopera nkhupakupa, a m'kabotolo kakang'ono koma aukali kwambiri. Akale aja munthu ankathira tizivindikiro tinayi m'chigubu cha madzi. Atsopanowa kachivindikiro kamodzi kokha. Uthenga uliwonse unayenera kusinthidwa dzina la mankhwala ndi muyeso womwe, ndipo dera lililonse linali ndi uthenga wakewake. Lachinayi a Chavula anakhala pansi n'kusintha. Mayi Kalinde anaima kumbuyo kwawo, anati aoneko asanatumize, poti nkhani ya muyeso si yamasewera. Mdala anatchinga laputopu ndi phewa, anati mbwenu, yatha kale, n'kudina. Anaikapo ng'ombe yawo, n'kutuluka kukagula nthochi. Uthenga wa pa boma unali bwino. Wa ku Embangweni unali bwino. Wa ku Manyamula anasintha dzina la mankhwala n'kuiwala nambala. Unapita ukunena tizivindikiro tinayi.

Oweta ambiri kumeneko anakayika ataona kuchepa kwa botolo, anayamba afunsa. Amene sanakayike ndi a Zgambo, bambo wina wachikulire amene ankaima pabolodi mwezi uliwonse chiyambire, amene ankauza anzake kuti uthenga wa a Chavula sunama. Lolemba m'mawa anasakaniza monga unanenera uthengawo, n'kupopera khola lonse. Pofika masana foni inalira mu ofesi. Ng'ombe zikunjenjemera, dovu likuchucha, zina zagwa. Zitatu sizinadzukenso, ndipo zinali zomwe anapatula kuti akalowolere mwana wawo wamwamuna mwezi wotsatira.

Mayi Kalinde sanataye nthawi. Anatumiza uthenga wokonza kwa oweta onse, kenako anatsika ndi mizere ija. Madzi a tiyi asanawire anali atapeza: ng'ombe kutsogolo, dzina la Chavula, Lachinayi. Anatseka chitseko. Ine ndinali mkati momwemo, ndikusesa malo amodzi kachitatu.

“Bambo Chavula, mundimvere kamodzi kokha,” anatero mayi. “Mizere ya mwezi uno ndikhoza kuiphatikiza ikhale umodzi. Tiikapo kachirombo ndi dzina la ofesi. Akuluakulu tiwauza kuti munali vuto m'pulogalamu ndipo takonza. Si bodza lenileni. Inenso ndinalakwa, ndinakusiyani mutumize ndisanaone.”

Mdala anayang'ana mzerewo. Kenako anagogoda mkono wa mpando.

“Lachinayi pampando uwu panakhala kachirombo?”

“Pakhala inu zaka khumi ndi chimodzi,” anatero mayi. “Ndikufuna mukhalepobe.”

Apa ndi pamene ine ndinataya tsache n'kugwada, munthu wamkulu ndi mawondo anga ophwanyikawa. Ndinasonkhanitsa Chitumbuka changa choyera, chomwe n'chochepa.

“A Chavula, ndapota chomene, tamverani mayiwa. Ng'ombe zafa kale. Musadziphe ndi inu omwe.”

“Dzukani a Mwale,” anatero osandiyang'ana. “Mukudetsa thalauza la bungwe.”

Anakoka laputopu, anakonza nambala ija m'pulogalamu ndi zala zawo ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni mayi anaitembenuzira kwa iwo kuti aone. Mayi anaona, anagwedeza mutu. Ndiye mdala anatseka ntchitoyo ndi mzere wake. Anaika chipewa. Chingerezi sanalembe. Analemba mawu awiri okha a Chitumbuka, Ndine nananga, kutanthauza kuti wolakwa ndine. Sanadikire kutha kwa mwezi. Anasindikiza pomwepo mapepala awiri, limodzi anakhoma okha pabolodi ndi chala chachikulu, lina anapinda n'kuika m'thumba la malaya, n'kundiuza kuti ndilize njinga.

Ulendo wa ku Manyamula uja sindidzauiwala. Fumbi, dzuwa, mdala kumbuyo kwanga atandigwira m'chiuno ngati ndine mkazi wawo, njira yonse osalankhula za ng'ombe, koma kungodandaula kuti ndikuyendetsa ngati ndanyamula matumba a chimanga. Ndinaima kawiri dala, kunamizira tcheni, kuti mwina mtima uwatembenuke. Kachiwiriko ananditulukira, anati ndikaimanso ayenda wapansi.

Tinapeza a Zgambo atakhala pa chitsa pafupi ndi khola. Ng'ombe zakufazo anali akuziwotcha kuseri, poti nyama yake sikanadyeka, ndipo fungo linali ponseponse. Mwana wawo wofuna kukwatirayo atationa anangolowa m'nyumba. A Chavula anavula chipewa chawo chenicheni, anakhala pansi padothi, n'kupereka pepala ndi manja awiri. Sanafotokoze zambiri. A Zgambo kuwerenga sadziwa, koma pepala lija ankalidziwa ngati nkhope ya mkazi wawo. Anatsata ndi chala mpaka pa ng'ombe ya Lachinayi, n'kukwera pamwamba pake pamene panali chipewa. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

“Yewo adada, mwabwera nokha,” anatero. “Chipewa ndachiona. Kweni chipewa sichilowola mkazi.”

Anafunsa ngati angasunge pepalalo. A Chavula anati ndi lawo, n'chifukwa chake analisindikiza. Madzi akumwa anatipatsa, koma potsazikana sanatiperekeze ngakhale pa mtengo woyamba. Mmene a Zgambo ndi a kwawo kwa mtsikana anadzakambirana za ng'ombezo si nkhani yanga. Yanga ndi yakuti pepala lomwelo, lopindapinda ndi lothimbirira, ndi limene a Zgambo anadzaliyala patebulo pamsonkhano wa akuluakulu a bungwe Lachisanu lotsatira.

Pamsonkhanopo mayi Kalinde anawamenyera nkhondo kuposa mmene ndinkayembekezera. Anati popanda kaundula wosungidwa bwino chonchija, bwenzi atasaka cholakwacho mpaka dzuwa kulowa. Anati munthu amene amasaina zolakwa zake ndi amene bungwe liyenera kumusunga. Anati mdala wavomera tsopano kuti ntchito yake izionedwa ndi wina. Akuluakulu anamvetsera, ena akugwedeza mitu. Kenako wapampando ananyamula pepala lija m'mwamba, anati zonsezo n'zomveka, koma oweta akufuna kuona kuti pachitika kanthu, ndipo apa munthu walemba yekha. Akanakhala makina bwenzi akonza makina. Kalata inatuluka tsiku lomwelo, yowathokoza chifukwa cha ntchito yabwino ndi kuwapempha kuti akapume.

Ndinawanyamulira katoni ya mabuku awo mpaka pamsewu, ndipo njira yonse ndinkawanyoza. Ndinati mbuzi yomwe imayenda yokha kupita kwa opha n'kunyamulanso mpeni pakamwa sindinaionepo. Ndinati aganize za oweta amene adzasowe wowayankha mafunso. Ndinati akanatha kuvomera mwakachetechete kwa a Zgambo okha n'kusiya kaundula anene za mbozi. Anaima, anaika ambulera yawo pansi.

“A Mwale, mukanakhala inu a Zgambo, mukanakonda kuuzidwa kuti ng'ombe zanu wapha ndi kachirombo?”

Ndinati inde, ngati zimenezo zikanasiya mnzanga pampando. Anati n'chifukwa chake ine sanandipatse kompyuta.

Mukuganiza kuti anapumadi? Kutha kwa mwezi uliwonse ankatulukira, atavala jekete ngakhale kutenthe, n'kuima pabolodi pakati pa oweta ngati mmodzi wa iwo. Mu ofesi sankalowa, ngakhale mayi atawaitana kuti amwe tiyi. Ankawerenga mzere ndi mzere, milomo ikugwedera, nthawi zina n'kutulutsa cholembera kukonza Chingerezi cha akunja aja. Mapepalawo tsopano anali a tinyenyezi, moto ndi timbozi tokhatokha. Oweta ankayang'ana, osapeza ng'ombe, osadziwa choti afunse, n'kumapita. Pang'onopang'ono anasiya kuimapo. Akuluakulu ataona kuti palibe wowerenga, anati tileke kuwononga mapepala. Mdala anabwera kawiri n'kupeza bolodi lili mbee. Kachiwiriko anandifunsa ngati inki yatha. Ndinati inde. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anati ndakalamba koma kunama sindinaphunzirebe bwino. Sanabwerenso. Anamwalira m'nyengo yozizira chaka chotsatira, kwawo, atadwala masiku ochepa. A Zgambo anabwera kumaliro pa njinga yakapalasa kuchokera ku Manyamula, anakhala kumbuyo, sanalankhule ndi munthu, ndipo anachoka asanagawe chakudya.

Ndimawakwiyira mbali ziwiri, ndipo sindidziwa mbali yopweteka kwambiri. Akanangotembenuza laputopu Lachinayi lija monga anaitembenuzira Lolemba, masekondi ochepa okha, ng'ombe zikanakhala moyo, mnyamata akanakwatira nthawi yake, mpando ukanakhala wawo. Kunyada kunawaletsa kuonetsa ntchito yawo kwa mayi mmodzi, kunyada komweko n'kuwatuma kukaonetsa cholakwa chawo kwa dera lonse. Abusa akufuna ndizitcha chimenechi kufatsa?

Mwezi wathawu mayi Kalinde anandiitana kuti ndidzaone kanthu pa kompyuta yawo. Akunja aja asamutsira pulogalamu kunkhokwe yatsopano, ndipo anati kaundula wakale ndi wolemera komanso wosokoneza, kuli bwino kuyambira pa chiyambi. Mayi anakana, anagonja pa chiwerengero cha manja. Wakaleyo anamukopera pa fulashi n'kutsekera mu dilowa, koma ndani amawerenga dilowa? Anandionetsa kaundula watsopano. Pansi penipeni, pamene panali mzere woyamba wa a Chavula, pali mzere umodzi wa munthu amene sanapondepo pa Mzimba. Mayi anati pa pepala lawo lija la tizithunzi, ntchito ikamayamba amaikapo kachithunzi ka chikondwerero, kaja kothothola timapepala ngati pa ukwati. Ndiye kali pomwepo. Malinga ndi kompyuta, pulogalamu yathu inabadwa mwezi watha, yopanda bambo, anthu akuvina.

Pakona pamene ankakhala palibenso tebulo. Analitengera kuchipinda chakutsogolo kuti aziikapo makatoni a katemera, mpando n'kupita kwa mlonda. Pasimenti patsala timaenje tinayi ta miyendo ya tebulo ndi malo awiri osalala pamene zidendene zawo zinkakhuta. Pakhoma pali soketi imodzi yomangidwa ndi tepi wakuda, ndipo ndi yokhayo mu ofesi yonse imene sivuta. Ndiye oweta akabwera pa boma amapempha kutchajapo foni. Amakhala pansi pakona pomwepo, misana atatsamira khoma, kudikira kuti moto udzaze. Nthawi zina foni imalira ili pa soketipo, uthenga wa muyeso wa mankhwala walowa. Munthu amapatsa mnzake kuti amuwerengere, amagwedeza mutu, n'kufunsa m'chipindamo kuti walemba ndani. Onse amayang'ana ine. Ine ndimayang'ana tsache.